Galimoto Isanalire

Okondedwa bambo aakulu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi aakulu. Kuno tikudzuka, ana akupita kusukulu.

Galimoto yakale ya bambo ija inayamba kudya oyilo. Ikalizidwa m'mawa inkatulutsa utsi wabuluu mpaka aneba kutseka mawindo. Makaniko atamasula mapulagi anawapeza akuda bii, onyowa ndi oyilo, ndipo akuti malingi a mapisitoni atha. Injini waiphwasula, akuti pofika Loweruka ikhala itachira.

Loweruka limenelo ine ndikuliopa. Galimoto isanapite kugalaja, bambo anatenga amayi kupita nawo kumsika. Pobwerera anaima pamphambano ya pafupi ndi kwathu, n'kufunsa kuti, "Kodi tikhotere kuti?" Msewu woti akhala akuyendamo ine ndisanabadwe! Amayi akuti zinali nthabwala chabe, koma tsiku limenelo chakudya sanachikhudze.

Dzana makaniko anandiitanira pambali. "Achemwali, mothira madzi muja ndapezamo oyilo. Amathira ndani?" Mukudziwa kuti bambo salola munthu wina kutsegula boneti.

M'mawa uliwonse bambo amavala jekete, n'kukakhala pabenchi kugalajako, kuonerera ntchito akumwetulira. Ndinapempha makaniko kuti aname kuti malingi sakupezeka. Kunama wakana, koma wati agwira pang'onopang'ono.

Mng'ono wanuyu amamvera inu nokha. Chonde bwerani mudzawaone ndi maso anu galimoto isanalire. Musawauze kuti ndakulemberani, angandikwiyire.

Ndine mwana wanu,
Wachisamba wa mng'ono wanu