Dziko Lonse pa Tsamba Limodzi

Lolemba, 6 Juni 2016

A hedi andiitana pa buleki. Kulowa mu ofesi ndapeza Malcolm atakhala pampando wa alendo, akuzunguza makiyi a galimoto pachala. Malcolm yemwe uja tinkaphunzira naye ku Boma, amene tsiku lina anakopera mapu anga mpaka ndi dzina langa lomwe. Pano ati ndi bwana ku bungwe lina ku Blantyre, Chichewa chikumutulukira m'mphuno.

Nkhani yake ndi iyi: Lachiwiri sabata yamawa kubwera azungu awiri amene mwina atimangira hositelo ya atsikana. Mwina. Akufuna ana awalandire ndi mbiri ya Malawi mwachidule. Wandipatsa pepala la Chingerezi kuti ndimasulire, ana aloweze, poti wa Social Studies pa Thambani pano ndine.

Ndaliwerenga ndikuyenda. Dziko lonse pa tsamba limodzi, malo n'kutsalanso a chithunzi cha mwana wa mamina. Tazunguliridwa ndi Mozambique, Zambia ndi Tanzania. Tili ndi nyanja yaikulu. Mitundu yathu ndi yakuti yakuti. Anatilamulira Angelezi, ufulu 1964, chipani chimodzi, referendamu 1993, zipani zambiri. Timalima fodya, tiyi ndi nzimbe. Ndife osauka koma ansangala. Basi. Zimene ine ndimaphunzitsa teremu yathunthu, iye wazitha pa mzere umodzi.

Hositeloyo tikuifunadi. Atsikana a kumidzi amene amachita lendi kuseri kwa mabala aja, chaka chilichonse timatayapo angapo. N'chifukwa chake ndangoti chabwino.

Lachiwiri, 7 Juni

Mawu oti "landlocked" andivuta. Ndayesa "dziko lotsekeredwa", a Folomu 3 aseka, ati ngati mbuzi m'khola. Ndasiya choncho. Sanalakwe.

Akuloweza msanga kuposa mmene amalowezera za mayeso. "Ndife amodzi mwa mayiko osaukitsitsa padziko lonse!" Akufuula mokondwa ngati tawina chikho.

Lachitatu, 8 Juni

Malcolm wabweranso kudzaona prakatisi. Ati zili bwino koma ana azimwetulira kwambiri pa mzere wa ansangala uja, pa umphawi nkhope zigwe. Munthu anapita ku koleji kukaphunzira zimenezi.

Kenako wanditengera pambali. Papepala pali mzere woti m'zaka za m'ma 1980 dziko lino linalandira anthu ochuluka othawa nkhondo ku Mozambique. Ati mzere umenewo ukufunika munthu wamoyo, azungu amakonda kuona nkhope. "Si paja madala anu a Petro anachokera tsidya lija?"

Ndamuuza kuti ababa si chithunzi cha m'buku. Akhala kuno zaka makumi atatu, anakwatira kuno, anaika mkazi wawo m'manda a kuno. Wati, "Relax, madam, ndi five minutes chabe." Ndamuuza kuti ayi, ndipo asayerekeze.

Lachinayi, 9 Juni

Wayerekeza. Wapita yekha kumudzi, wakawapeza m'munda wa manachesi. Ndafika madzulo ndapeza ababa atulutsa jekete ya ku tchalitchi, aiyanika pa chingwe kuti ichoke fungo la m'sutikesi.

"Ukandisitire, Flossie. Kukubwera alendo."

Ndawafunsa ngati aiwala amalume a Kinsley. Chimwalirireni amayi chaka chatha, amalume nyimbo yawo ndi imodzi: mkamwini ntchito yake yatha, abwerere kwawo. Chimawagwira pakamwa n'choti anthu ambiri pano anaiwala kale kuti kwawo kwa ababa n'kuti. Ndiye iwo akaime pamaso pa mudzi wonse n'kunena okha kuti ndine wa ku Mozambique?

Ati, "Nanga ndi bodza?"

Ndati si bodza, koma Malcolm akukugwiritsani ntchito ngati nyani wa pa chingwe. Akwiya. Ati chibwerereni kuno palibe anawafunsapo kuti anayenda bwanji, ngakhale ine mwana wawo. Woyamba kufunsa ndi mnyamata wa galimoto ameneyu.

Ndangotenga jeketeyo. Munthu wamkulu kukomedwa ndi kamera ngati mwana wa kwaya.

Lachisanu, 10 Juni

Simbi ya makala yanditentha chala. Zonsezi chifukwa cha Malcolm.

Loweruka, 11 Juni

Amalume abwera ndi munthu wa pikapu wogula manachesi, akumuzungulitsa m'munda ngati mitengoyo anabzala ndi iwo. Sanagwirepo khasu m'menemo chibadwire. Pamene ababa ankatunga madzi kudambo kuthirira mbande, iwo anali ku Joni, n'kubwerako ndi wailesi yakufa ndi chifuwa.

Andiona, ati, "Aphunzitsi! Ndamva kuti alamu alankhula kwa azungu. Tibwera tidzamve nawo." Akuseka, mano onse panja. Wa pikapu ndamuuza kuti mwini mitengo ali m'nyumba, akafuna mtengo wake akafunse kumeneko. Amalume ati ndaphunzira mopitirira.

Lolemba, 13 Juni

Prakatisi yomaliza. Malcolm wapempha kuti ababa asavale jekete, abwere ndi zovala za kumunda kuti zioneke zenizeni. Ndamufunsa ngati iyenso avule nsapato zake zosongokazo kuti aoneke Mmalawi weniweni. A hedi anditsinira diso kuti ndikhale chete. A hedi akamva mawu oti hositelo amanjenjemera ngati nkhuku yonyowa.

Asesa bwalo lonse. Miyala yapakidwa laimu. Chimbudzi cha atsikana chimene chinagwa mu Febuluwale achitchinga ndi udzu kuti chisaoneke, kenako Malcolm wati achotse udzuwo, chioneke. Sakudziwa okha ngati tikufuna kuoneka osauka kapena aukhondo.

Lachiwiri, 14 Juni

Anati afika nayini koloko. Afika dzuwa litapendeka, ana atapsa pabwalo. Mzimayi wa magalasi ndi mnyamata wamtali wofiira ngati tomato.

Ayamba ndi a khansala. Munthu amene wavala nsalu za zipani zitatu chiyambire ine kugwira ntchito pano, lero amafotokozera azungu kuti demokalase yathu ndi yokhwima. Kenako ana anena zawo. Amwetulira pofunika kumwetulira, agwetsa nkhope pofunika kugwetsa. Mzimayi uja amagwedeza mutu, mnyamata amafunafuna netiweki.

Kenako ababa. Avala jekete yawo ndithu. Womasulira ndinali ine.

Ndimayembekeza kuti anena zija ndimazidziwa: kunali nkhondo, ndinabwera, ndinakumana ndi amayi ako a Malita. Ayi. Ati kwawo ndi cha ku Nkondezi. Tsiku limene anathawa, mu 1986, anali kudimba m'mawa. Anamva mfuti, anaona utsi kumudzi, anthu akuthamangira kumene kunali iwo, nawonso anangotembenuka n'kuthamanga nawo. Amayi awo ndi mlongo wawo wamng'ono anali atapita kukatunga madzi mbali inayo.

"Dzina lake Rozita," atero. "Anali asanamere n'komwe mano onse."

Ine ndili ndi azakhali? Ndamasulira ngati makina, pakamwa pakuyenda pokha.

Ati anawafunafuna m'misasa ya othawa nkhondo, sanawapeze. Mtendere utabwera, anzawo akukwera malole kubwerera, iwo anatsala. "Anthu ankati ndatsalira mkazi. Zoona, koma china ndinkaopa kukaonetsedwa manda. Ndinati bola ndisadziwe."

Pamenepo mawu awo anasintha, Chichewa chinathawa, anayamba Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi, akuyang'ana pansi. Ndimangotolako apa ndi apo. Ndinasiya kumasulira.

Malcolm anayang'ana wotchi, n'kulanda maikolofoni. Anauza azungu pa Chingerezi kuti bambowa akuti akuthokoza kwambiri dziko la Malawi chifukwa cha mtima wake wabwino. Anthu m'manja phwaphwaphwa. Mzimayi uja anapukuta magalasi, anawajambula ababa kawiri, n'kufunsa kuti chimbudzi chogwa chija chili kuti.

Kumbuyo, pansi pa mtengo wa mango, amalume amauza anzawo mokweza kuti, "Mwadzimvera nokha. Kwawo akukudziwa."

Lachitatu, 15 Juni

Sanachedwe. Ndikuweruka ndapeza amalume ali pakhonde la ababa ndi azibale awiri a amayi, atakhala ngati bwalo la milandu. Ati iwo monga mwinimbumba aganiza kuti alamu akatha kuthyola manachesi a chaka chino, azikaona kwawo. Ati si kuthamangitsa, ndi mwambo. Mawu oti mwambo amawatuluka bwino amalume, munthu amene pamaliro a mlongo wawo anafika mochedwa ataledzera.

Ndawafunsa kuti malowa ndi a ndani. Ati a malemu a Malita. Ndati nanga mwana wamkazi wa a Malita ndani? Ati ndiwe, koma iwe umakhala ku nyumba ya sukulu. Ndati kuyambira Loweruka ndikhala pano, ndipo amene ndimusunge m'nyumba ya amayi anga ndisankha ndine. Akafuna tipite kulikonse kumene akufuna, ndikayankha komweko.

Azibale aja ayamba kuyang'ana nkhuku. Amalume ati ndilibe ulemu. Ndati ulemu ndili nawo, munda ndi umene ndilibe woti ndiwapatse.

Nthawi yonseyi ababa ankangosenda nachesi osadya. Atapita anthuwo ndimayembekeza kuti mwina anena zikomo. Ati, "Anthu aja ali ku msasa wa Kapise, amene athawa nkhondo chaka chino, akuti ambiri ndi a cha kwathu."

Nkhani ya munda sanaimve n'komwe.

Lachisanu, 17 Juni

Malcolm watumiza pa WhatsApp tsamba lija atalikonzanso. Mwana wa mamina wachoka, palowa ababa ndi jekete yawo. Pansi alemba kuti wothawa nkhondo wa ku Mozambique. Dzina palibe. Mbali inayo mapu, nambala ya anthu, fodya, tiyi.

Za hositelo ati azungu akhudzidwa kwambiri, akakambirana. A hedi asangalala ngati njerwa zafika kale.

Ndamulembera kuti munthuyo ali ndi dzina, ndipo zimene anamasulira zija ababa sananene. Wayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera.

Loweruka, 18 Juni

Ndasamuka. Matiresi, mabuku ndi mbaula pa njinga ziwiri za kabaza. Akazi a amalume amaonerera pa mpanda, ndawapatsa moni mokweza kuti asavutike kubisala.

Ababa akuti Lolemba apita ku Kapise. Ndawauza kuti anthu ambiri anawasamutsira kale ku msasa wa Luwani, ndiponso zaka makumi atatu si dzulo, akangodzipweteka mtima. Ati apita. Ndapempha tsiku kwa a hedi. Sindingawasiye okha pa njinga yamoto ndi msana wawo uja.

Lolemba, 20 Juni

Fumbi mpaka m'mano. Kapise ndi misasa ya udzu ndi mapepala apulasitiki, yambiri yopanda anthu. Ine mphunzitsi wa za dziko lino, malo ali m'boma langa lomwe, ndimangowamvera pa wailesi.

Ababa amayenda msasa ndi msasa, chipewa m'manja. Amatchula dzina la mudzi, la bambo awo, la amayi awo. Achinyamata amangopukusa mitu. Ena amaganiza kuti tabwera kudzalemba mayina a ufa, amatilondola. Ndinatopa, ndinayamba kuwakwiyira mumtima.

Kenako mwamuna wina wosoka nsapato anatilozera kwa mayi wachikulire amene amasankha nyemba pa lichero. Ababa anagwada, ananenanso mayina aja. Mayiyo anasiya nyemba. Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Ndiwe Pedro wa kudimba la kumtsinje?"

Sindinamvepo munthu akuwatchula choncho.

Ati amayi a ababa anamwalira kalekale, nkhondo itatha, ndi matenda, pakhomo pawo, anaikidwa bwinobwino. Ati mpaka kumwalira ankati mwana wanga anaphedwa kudimba. Ababa anangogwedeza mutu.

"Nanga Rozita?"

"Rozita ali pa Zobue. Amagulitsa buledi pamsika. Ali ndi zidzukulu."

Pa Zobue. Pamene amakagula zitenje akazi a amalume mwezi ndi mwezi.

Ababa anati anenenso. Mayiyo ananenanso. Ababa anakhala pansi pa dothi pomwepo, miyendo atatambasula ngati mwana, osalira. Ine ndi amene ndinalira, pamaso pa anthu osawadziwa.

Lachiwiri, 21 Juni

Sindinapite kusukulu, sindinapemphenso. A hedi aziona okha.

Tili pa Boma, tikudikira galimoto ya ku chipata cha Zobue idzaze. Ababa athyola manachesi thumba lathunthu, asankha okha limodzilimodzi, akana kuti liikidwe kumbuyo, alinyamula pamiyendo. Andifunsa kangapo ngati tsitsi lawo lili bwino.

Ndawafunsa kuti azakhali ndikawapatsa moni wotani. Ati ndikati, "Muli tani?" Ndayeserera, aseka, ati ndikumveka ngati Malcolm.

Kenako asiya kuseka. "Nanga ine, Flossie, ndikayambira pati?"

Kondakitala akuti watsala munthu mmodzi.