Khonje wa M'malire

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Nabvutika, mu Chipata muno, tilipo. Mng'ono wanga Tiyanjane anachira mwana wamkazi ku chipatala cha Tamanda. Tamutcha dzina lanu, ndipo pakamwa ndi inu ndithu, akayamba kulira mudzi wonse umadziwa. Chimanga chinachita bwino. Nshawa ndiye ayi, ndipo musanamizire mvula. Wolakwa ndi mlongo wanu, amalume a Gidiyoni.

Mukukumbukira chipilala chija anthu a kuyunivesite anamanga pathanthwe la m'munda mwathu ku Chipangali, chokhala ndi chimbale choyera pamwamba ndi sola pambali? Munawalola ndinu, ena akunong'ona kuti ndi za satana. Munkapirikitsapo mbuzi ndi ana, n'kumati, "Chisiyeni, chikumvetsera kumwamba." Munkanena zoona. Chimalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti n'kudziwa malo enieni pamene chaima. Zipilala zotere zili m'maiko ambiri, ndipo asayansi akaphatikiza zonena zake amaona mmene nthaka ikuyendera.

Maliro anu atapita, anthu aja anabweranso kudzasintha batire, ndipo mayi wina wa m'gululo anatikhazika pansi pa mtengo wanu wa mango uja. Anati dziko ndi zibenthu zikuluzikulu zogundana, ndipo chibenthu chimene takhalapo ifechi chimasuntha pang'onopang'ono, monga chimakulira chikhadabo. Amalume anali pomwepo, akugwedeza mutu ngati ali pa ulaliki. Anangofunsa kuti chikulowera kuti. Atamva kuti chakum'mawa, anathokoza mwaulemu n'kunyamuka.

Amayi, munda wawo si uli kumadzulo kwa wathu? Mvula yoyamba itagwa ndinapita ndi mbewu, n'kupeza khonje yense wa m'malire, yemwe munabzala ndi manja anu, wazulidwa n'kubzalidwanso mkati mwathu. Mizere yonse ya nshawa mpaka kupitirira pa mango yalowa kwawo. Ati nthaka yawo yakhala ikuyenda kubwera kwathu zaka zonsezi, asayansi atsimikiza, iwo angoitsatira. Ha! Munthu wa imvi zake, wokhala mpando wakutsogolo kutchalitchi! Ndi chikhadabo chanji chimakula mpaka kudutsa mtengo wa mango?

Sindinawabisire mawu, ndinawauza akazi awo ali pomwepo. Ndinati munda wanu ukuyenda, wathu ukuyenda, khonje akuyenda, Chipata yense ndi mapiri ake akuyenda limodzi. Mu minibasi mpando wakumbuyo supitirira wakutsogolo. Anandiyankha kuti sukulu inandiononga, ndilibe mwambo. Ine ndilibe mwambo? Nanga iwo amene anadikira kuti mlongo wawo akwiriridwe kaye? Inu muli moyo sakanayerekeza kukhudza ngakhale tsamba limodzi. Paja munkati, "Gidiyoni akakumwetulira, kawerenge nkhuku zako." Ife tinkaseka, kumayesa nthabwala.

Chondiwawa koposa ndi mangowo. Ana anga atapita kukathyola pa holide anawapirikitsa ngati akuba. Mtengo womwe munkapumirapo mukatopa ndi khasu, womwe munkatisungira mango ake oyamba m'chitenje! Wamng'ono uja anabwera akusisima, n'kundifunsa ngati agogo anawapatsa amalume mtengowo asanamwalire. Ndinakalirira kuseri kwa nyumba.

Mwa zonse ananena mayi uja, chimodzi chokha chimandikhazika mtima pansi. Manda anu nawonso ali pa chibenthu chomwechi. Ndiye kuti simukutsalira m'mbuyo, kumene tikupita ife mukupita nafe, pamodzi ndi munda wanu wonse, osati theka.

Loweruka ndikwera basi ndi khasu lanu lija la mpini wokhota. Maenje akale a khonje akuonekabe, ndikamubwezera momwemo, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Akazulanso ndikabzalanso, mpaka mmodzi wa ife atatopa. Munandibereka ndinu, mukudziwa kale kuti wotopayo sadzakhala ine.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati