Chala cha Hermínia

Mng'ono wanga Rosalina,

Landira moni wa mkulu wako. Kodi miyendo ija inaphwa? Nanga ana ku Kelimane'ko? Akundilembera ndi a Dinis akatekisita, ndawauza kuti asakongoletse mawu anga.

Alamu ako a Zacarias akubwera komweko pa ambulansi. Usadzidzimuke, mvera kaye.

Zinayamba ngati chimfine wamba, mphuno kutsekeka, chipumi kuwawa. Kenako diso lamanzere linatupa, chikope psuu. Ine ndinati ndi fumbi la nandolo. Ndinalitsuka ndi madzi amchere, mpaka kukapempha mkaka wa m'mawere kwa Bela wakhanda uja.

Lachitatu kunatulukira Hermínia. Ukum'kumbuka, uja ankathandiza anamwino kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, amene alamu ako ankam'tungira madzi ine ndili ndi pakati pa Lucas. Imvi mbuu ngati ine, koma kayendedwe n'komwe kaja.

Anawagwira chibwano, mwana wa mayi, pakhonde panga! Akuti atsatire chala chake ndi maso, kumwamba, pansi, uku ndi uku. Diso labwinolo linkam'thamangira ngati mwanapiye. Lodwalalo linangoti tong'o, osasuntha. Anawafunsa kuti akuona zala zingati, iwo n'kuti ziwiri, chili chimodzi. Uku akumwetulira, munthu wodwala!

Iye anati si fumbi, mafinya ali kuseri kwa diso, tinyamuke tsiku lomwelo. Ine ndinam'yankha kuti zaka makumi atatu akusakabe njira yoti amuna anga amuyang'ane, atenge chala chakecho azipita.

Ndinawasunga masiku awiri. Apa a Dinis aimitsa cholembera, ndawauza kuti alembe.

Lachisanu thupi linatentha ngati moto. Tinawakweza panjinga, Hermínia akutitsata m'mbuyo. Kuchipatala dotolo anatukula chala chimodzimodzi, ngati anaphunzira kwa iyeyo. Anawalitsa tochi m'diso, n'kuwaonetsa nsalu yofiira, iwo n'kuti ndi yotuwa. Akuti mafinya akupanikiza mtsempha woonera, pakufunika makina ojambula mkati mwa mutu ndi opaleshoni ku Kelimane'ko, ndipo sangalonjeze kuti disolo lipulumuka.

Atafunsa chomwe tinachedwera, Hermínia anati msewu unali woipa. Osandiyang'ana n'komwe. Bola akadanditukwana.

Mu ambulansi amalola wodwazika mmodzi, wodziwa Chipwitikizi. Ndiye apita ndi Hermínia. Nsalu ya kapulana yofunditsa alamu ako ndam'patsa ndi manja angawa, kalatayinso anyamula ndi iye. Sindinaimate.

Tsono iwe ukawapeze kuchipatala. Ukakhale mbali ya kumutu, iye kumiyendo. Tsiku lomasula nsalu pa diso ukaime kutsogolo, paja nkhope yako ndi yanga n'chimodzi. Koma adotolo akafunsa za matendawa, iwe pakamwa tseke, ayankhe Hermínia.

Likangochira disolo, ngakhale liyambe kuona iyeyo, ndidzapirira. Komabe usam'lole kuwadyetsa.

Mulungu akusunge. Undiperekere moni kwa a Mário ndi ana onse.

Ndine mkulu wako,
Teresinha