Asiyatu wasamukira ku Limbe

Lachinayi, mwezi wa Juni. Tsiku lozizira, ndipo mtima wanga sunapepuke.

Lero Asiyatu wasamukira ku Limbe ndi makolo ake. Ndiye mnzake yekhayo wa Tadala, mwana wa malemu achemwali anga amene ndikumulera. Tadala atabwera kuno ku Namitambo zaka ziwiri zapitazo, sankayang'ana munthu kumaso. Asiyatu ankamudikira pamsewu m'mawa uliwonse, mpaka mwanayu anayamba kuseka ndi kuyankha mafunso m'kalasi.

Tinawaperekeza pokwerera minibasi. Tadala sanalire. Pobwerera ndinati, "Usadandaule mwanangu, upeza anzako ena. Iwe ndiwe wolimba mtima."

Titayenda pang'ono, anati, "Amayi, ine sindine wolimba. Tsiku lililonse ndimaopa kuti nanunso mudzamwalira. Ndinkauza Asiyatu yekha, ndipo ndikamuuza mantha ankachepa."

Nthawi yonseyi ndakhala ndikunyadira kutchalitchi kuti mwanayu anaiwala maliro msanga. Ndinangomugwira dzanja, ndipo sanalichotse mpaka tinafika pakhomo.

Mawa apita yekha kusukulu. Ndikufuna ndimuperekeze ngakhale mpaka pamlatho, koma ndi mtsikana wa folomu 2, kaya avomera...