Bulugamu wa Apongozi

Lolemba, 15 Julaye 2024

Mwera wayamba. Mchenga m'maso, mchenga m'makina osokera, ndipo madiresi a ukwati wa ku Kande sindinafike nawo ndi pakati pomwe. Koma sindikudandaula. Nyengo ino ndimaikonda, thukuta kulibe, ndipo kamphepo kake kamandikumbutsa kwathu ku Dedza.

Mavis, mlamu wanga, wanyamuka m'mawa kupita ku Mzuzu kukadikirira kuchipatala, masiku ake ayandikira. Mwamuna wanga Griffin ali ku Joni mpaka Disembala. Ndiye pakhomo tatsala awiri, ine ndi apongozi aamuna, Ada Manda. Wachitatu ndi galu wawo, Kapitawo.

Vuto ndi lakuti chikwatiwire changa, ine ndi madalawa sitinayang'anepo m'maso. Pakhomo pano mkamwana salowa m'nyumba ya apongozi aamuna, sakhala nawo pafupi, sawapatsa chinthu m'manja. Zonse ankadutsitsa ndi Mavis. Lero nkhomaliro ndaika pampando wa pakhonde pawo, ndaomba m'manja, ndabwerera kukhitchini. Atuluka nditachoka.

Lachiwiri, 16 Julaye

Apeza wolowa m'malo mwa Mavis. Ndikutsuka mbale ndangomva, "Kapitawo, ukawauze amayi ako kuti dzulo mchere unachepa." Galuyo chibadwire amamva Chitonga chokha. Ndiye madala akayamba kumuyankhula m'Chichewa, ndadziwa, uthenga ndi wanga. Ndaluma chitenje kuti kuseka kusamveke.

Ndayankha ndikuyang'ana khoma, "Kapitawo, uwauze zamveka."

Madala akuyetsemula kwambiri. Mawu akutulukira m'mphuno.

Lachitatu, 17 Julaye

Chimfine chenicheni. Kutsokomola, mphuno yotseka, maso psuu. Kutentha kwa thupi ndiko kwandiopsa, ndiye ndaitana makabaza awiri, iwo patsogolo ine pambuyo, mpaka kuchipatala. Ayeza magazi, malungo mulibe. Awapatsa panado. Anesi akuti apume, azimwa zotentha, ndipo kupuma kukayamba kuvuta tibwerere msanga.

Zotentha ndiye mbali yanga. Monga amachitira mayi kwathu: jinja wosinja, kachidutswa ka adyo, uwiritse, uphule, kenako ufinyiremo mandimu ndi kuthira uchi. Uchi ndagula kwa bambo uja wa pamsewu, amene amalumbira pali Mulungu kuti sathiramo shuga, ngakhale sunamufunse. Kapu pakhonde, kuomba m'manja, kuchoka.

Lachinayi, 18 Julaye

Sakuchira, ndiye ndabisala kuseri kwa mtengo wa mango kuti ndione zimene zimachitika ndikachoka. Kani madala satuluka pompo. Amadikira ndifike kukhitchini. Amadikiranso pang'ono, kuti zisaoneke ngati amandimvetsera. Kenako kufunafuna jekete, kenako chipewa. Pofika pakhonde, mwera wapita nako kale kutentha konse. Dzulo lonse amwa madzi a mandimu ozizira. Fulasiki anapita nayo Mavis.

Masana ndayesa bulugamu. Masamba ndakathyola kuseri kwa sukulu, ndawiritsa mumphika waukulu, ndaika pakhomo pamodzi ndi bulangete. Ndamuuza Kapitawo kuti agogo ake alowetse mphikawo m'nyumba, afunde mpaka kumutu, apume nthunzi. Kuunyamula kwawakanika. Afukiza pakhonde pomwepo, pamphepo, bulangete likukupiza ngati chovala pachingwe. Kathukuta kamene kanatuluka kawazizirira pathupi.

Ndakwiya. Osati ndi iwo. Kaya ndi ndani.

Ndamuimbira Griffin. Akuti, "Usalowe, chonde. Ankhazi akamva sitidzamwanso madzi." Ankhazi ndi a Bridget, mlongo wawo wa madala, okhala ku Kande, amene ananena kale paukwati wathu kuti a ku Dedza ulemu sitiudziwa. Mwamuna wanga ndimamukonda, koma kulamula uli ku Joni, hita ili pambali, n'kosavuta.

Lachisanu, 19 Julaye

Phala la m'mawa lakhala pakhonde osalikhudza. Ndaomba m'manja, zii. Ndaombanso. Chifuwa chokha m'katimo, chouma, chosalekeza. Kapitawo akukanda chitseko.

Ndawiritsanso bulugamu. Ndaima pakhomo ndi mphika, zala zikupsa. Ndaganiza za ankhazi, ndaganiza za mayi anga akamva kuti mwana wawo amubweza chifukwa chosowa khalidwe. Kenako chifuwa chija chayambanso.

Ndati, "Kapitawo, uwauze agogo atseke maso, mkamwana akulowa." Ndalowa.

Chipinda chaukhondo kuposa changa, mpaka ndachita manyazi. Anali pabedi, atatembenukira kukhoma. Ndagwada, ndaika mphika pansi, ndatseka zenera, ndaliuza khoma kuti akhale tsonga. Ndawafunditsa bulangete ndi mutu womwe, ine n'kugwira m'mphepete kuti nthunzi isathawe. Apo ndaona kuti zatikomera tonse: munthu ali m'bulangete sungamuyang'ane m'maso, ndiye mwambo sitinauswe wonse, tangoubenthula.

M'katimo mawu atuluka. "Chawotcha."

"Pirirani pang'ono, Ada." Mawu anga oyamba kuwauza iwo eni, osadzera kwa munthu kapena galu.

Avundukula thukuta lili kamukamu. Ndaika thaulo ndi malaya ouma pampando, ndawapatsa kapu ya mandimu m'manja, ine nkhope kumbali. Yotentha. Amwa yonse, ndipo agona mpaka dzuwa kupendeka.

Loweruka, 20 Julaye

Bulugamu m'mawa, bulugamu madzulo. Mphuno yatseguka, chifuwa chafewa. Adya kondowole ndi chigwada, mbale yabwera yoyera. Madzi amchere ochukucha kukhosi akana, Kapitawo wauzidwa kuti iwo si usipa woti authire mchere.

Mavis wachira, mwana wamkazi. Ndavina ndekha kukhitchini.

Lamulungu, 21 Julaye

Kutchalitchi sitinapite, ndipo kusapitako ndiko kwatiitanira alendo. Masana ankhazi atulukira, yunifomu ya Umanyano, gulu la amayi a mpingo, ili pathupi, kudzaona chimene chagoneka mlongo wawo. Andipeza ndikutuluka m'chipinda cha madala, mphika m'manja.

Moni sanandipatse. Alowa, ayamba Chitonga chothamanga, choti ine ndimangotolamo apo ndi apo: mkamwana, soni (manyazi), ku Dedza. Ndaima pakhonde. M'mutu ndinali nditayamba kale kumanga makina anga pa minibasi.

Madala awasiya amalize. Kenako ayankha m'Chichewa, pang'onopang'ono, pamene galu panalibe n'komwe.

"Bridget, Kande ndi pafupi apa. Sabata yonse ndikutsokomola, unali kuti? Ndikanadikira zimene ukunenazo, bwenzi lero wabwera ndi anzako a Umanyano kudzandiimbira nyimbo. Uyu ndi mwana wangu. Musiye."

Ankhazi atuluka, andipeza pakhonde. Kenako apempha madzi akumwa. Ndawapatsa a mandimu, poti nawonso mphuno imachucha. Akuti uchi wachepa, koma kapu abweza mulibe kanthu.

Ndakalirira kukhitchini. Ndinasenda anyezi kuti wina akalowa ndikhale ndi chonamizira.

Lolemba, 22 Julaye

Tsiku lonse pamakina, madiresi atha. Griffin waimba, nkhani yamupeza kale. Akungoti, "Adada anena choncho? Adada omwewa?"

Lachiwiri, 23 Julaye

M'mawa ndikusinja jinja, pakhomo pa khitchini pada. Ndimayesa ndi mtambo. Kani ndi madala, jekete ndi chipewa, kapu yawo m'manja. Akhala pasitepe, pafupi moti ndimamva fungo la bulugamu m'jekete.

"Amama," atero, "jinja mumachulutsa. Chimfine chandisiya, koma mankhwala anu ndi amene andimalize."

"Bweretsani kapu, Ada."

Atambasula dzanja. Pothira ndinayenera kuona pamene ndikuthira, ndiye ndadzutsa mutu, ndipo iwo sanatembenuke. Zaka zonsezi ndakhala pakhomo pano, sindimadziwa kuti Griffin maso aja anatengera bambo ake.