Zenela Lathu la ku Kabwata

Okondedwa achimwene,

Moni nonse ku Katete. Kuno tili bwino, chifuwa cha mwana wathu Tisa chinatha.

Loweluka ndinachita manyazi. Amalume a mkazi wanga, amene akulimbilana mpando wa Kabwata, anabwela kudzapempha voti. Atangokhala pansi, anaona kuti zenela losweka lija ndinatseka ndi chithunzi cha mdani wao pa mpandowo.

"Mkamwini, nkhope iyi ifunanji m'nyumba mwa mwana wanga?"

"Itchinga mphepo chabe, apongozi. Si nonse a chipani chimodzi?"

Sanaseke. Anamwa tiyi mpaka dzuwa kupendeka, mkazi wanga osandiyang'ana. Potsiliza anatulutsa chithunzi chao, namata okha pamwamba pa chinzakecho, natsazika. Tsopano mphepo silowanso konse.

Titumizileni nshawa za kumunda, tidzakazinge. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Yotamu