Chitini cha Yamikani

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nsungwi tilipo, kupatula mwendo wangawu umene ukuvutabe.

Munafunsa za mphatso yotsika mtengo yoti mutumizire mwana wanu Yamikani. Tamvani kaye izi. Anzake a kukoleji amuphunzitsa masewera obisa chitini, ena n'kumachifunafuna ndi kamakina kolozera malo kotchedwa GPS. Loweruka anakwirira chake patsinde pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba ya Amayi Phiri. Iwo atamuona anakuwa kuti, "Mwana uyu akutitchera mankhwala!" Anthu anadzadza, abusa anapemphera, kenako anafukula. Munali pensulo, kapepala kolembapo mayina ndi mabatani awiri basi. Anthu anaseka, koma mwanayo mpaka lero sakutuluka m'nyumba, chakudya akungolawa.

Chonde mutumizireni mabatire a kamakinako, timapensulo ndi timajumbo totchinga mvula. Mumulemberenso mawu omulimbitsa mtima. Ine ndamupatsa chitini changa cha mkaka. Tsiku lokabisanso ndidzamuperekeza ndekha dzuwa likuswa mtengo, nditavala yunifolomu yanga ya kutchalitchi, tione amene adzakuwe.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati